Kalata Imene Ndinakaibweza ku Makata

1977 mpaka 1992

Ana anga, za ubwana wanga ndidumpha. Agogo anu anakuuzani kale, ndipo anathiramo mchere wokwanira. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa zaka zonse zimene munkandiona ndikutuluka ndi yunifomu yoyera, palibe mmodzi wa inu amene anandifunsapo kuti kumeneko ndimakatani. Munkangodziwa kuti anzanu kusukulu amati mayi anu ndi nesi wa amisala, ndipo zinkakuchititsani manyazi. Sindikukudzudzulani. Nanenso poyamba ndinkati ndikafunsidwa, ndinkangoti ndine nesi, n'kusintha nkhani.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Zomba, m'wodi ya amuna. Sindinasankhe ayi. Mayina anatuluka pa bolodi, langa linali pansi pa matenda a maganizo, basi ndinamanga katundu. A Metironi amene ndinawapeza anali mayi wamfupi, wosaseka, woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Tsiku loyamba anandiuza zinthu ziwiri: usamupatse msana wodwala, ndipo usalembe chimene sunachione ndi maso ako. Choyambacho ndinachisunga mpaka tsiku lopuma ntchito. Chachiwiricho ndinkachisunga pamene ndinali ndi nthawi.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwira matenda amene amakweza munthu ndi kumutsitsa. Miyezi ina munthu amagwa m'chisoni chosaneneka, miyezi ina amakwera, osagona, osatopa, kulankhula kosapumira, kuchita chilichonse chimene chabwera m'mutu nthawi yomweyo. Okwerawo ankabwera kwathu atamangidwa zingwe, apolisi ali pambuyo, malaya atang'ambika, mawu atasasa. Ena ankati dziko lino ndi lawo. Masiku amenewo mawu otero sitinkawalemba mufayilo momwe anenedwera, tinkangolemba kuti wodwala akudzimva wamkulu. Zaka khumi ndi zisanu ndinaona zimenezi, mpaka m'mutu mwanga matendawa anakhala ndi nkhope imodzi yokha, ya munthu womangidwa.

Bambo anu atapeza ntchito ku Limbe ndinapempha transifa, ndipo tinabwera ku Zingwangwa. Anandipatsa kiliniki ya matenda a maganizo pa kachipatala kena ka m'tauni, dzina sinditchula. Tsiku lathu linali Lachiwiri. Chipinda chake chinali chakumbuyo, kumene kale ankasungirako mabedi othyoka. Lachinayi chipinda chomwecho chinkasanduka cha amayi a zakulera, ndipo popeza manesi tinali ochepa, ndinkathandiza kumenekonso. Mankhwala ankabwera akafuna. Miyezi ina ndinkadula mapiritsi pakati ndi lezala kuti aliyense apite ndi kenakake m'manja.

1994

Chaka cha chisankho anthu ambiri amene anathawa m'dziko muno anabwerera. Mmodzi wa iwo anali dokotala wa matenda a maganizo, bambo wamtali, waulemu, amene Chichewa chake chinali chitachita dzimbiri pang'ono. Ankafuna kuchita kafukufuku pa matenda okhumudwa pakati pa anthu a m'matauni, kuona mmene amachirira mwezi ndi mwezi akamamwa mankhwala mosadumphitsa. Anabwera ndi makatoni a mapepala, ndipo pasanathe sabata tinali titawapatsa dzina lakuti a Mafomu. Anadzalidziwa, sanakwiye.

Fomu yawo inali ya masamba awiri. Kodi mumalira popanda chifukwa? Chakudya chimakukomerani? Mumadziona ngati munthu wopanda pake? Munaganizapo zodzichotsera moyo? Yankho lililonse linali ndi malikisi ake. Malikisi akachuluka ndiye kuti matenda akula, akamatsika ndiye kuti munthu akuchira. Ntchito yanga inali kufunsa mafunsowo mwezi uliwonse ndi kuwonkhetsa. Ndinene zoona, za kafukufuku sizinkandikhudza kwenikweni. Chimene chinandigwira mtima ndi kabati yachitsulo imene a Mafomu anabweretsa, yodzaza amitiriputilini, mankhwala onyamula munthu amene wagwa m'chisoni. Wodwala amene walowa m'kafukufuku sankasowa piritsi. Ndiye aliyense woyenera ndinkamulowetsa ndi manja awiri.

Umu ndi mmene a Zuze analowera. Dzinali ndasintha. Anali dalaivala wa lole pa fakitale ina ku Makata, kwawo ku Nsanje, akukhala ku Ndirande. Anabwera nawo ndi akulu awo, a Batista, amene anawagwira pamkono kuyambira pageti mpaka pampando. A Zuze anakhala momwe anawakhazikira, ndevu zili nyankhalala, maso pansi.

"Mng'ono wangayu watha miyezi iwiri akuyang'ana khoma," anatero a Batista. "Kusamba mpaka timukakamize. Kuntchito atipatsa mpaka kumapeto kwa chaka. Akapanda kubwerera, ntchito yatha, ndipo ana atatu aja agwera ine."

Ndinafunsa a Zuze ngati pali pamene pakuwawa. Anati, "Palibe, a Sisita. Kungoti sindikuona chodzukira."

Pa fomu panali mzere umodzi wa gadiyani, munthu wosamalira wodwala. Ndinalembapo a Batista chifukwa ndi amene ankalankhula. Mkazi wa a Zuze, amake Rozina, anali panja pabenchi ndi mwana kumbuyo. M'banja lawolo, pamene pali mkulu wa mwamuna, mkazi sankayankhira za mwamuna wake. Zimenezi ndinaziona ndipo sindinadabwe nazo. Mwezi uliwonse ankabwera, n'kukhala pabenchi pomwepo, ine n'kumulonjera podutsa. Sindinamuitanepo kuti alowe.

Malikisi anayamba kutsika. Mwezi wachiwiri a Zuze anabwera atameta. Wachitatu anabwera atapolisha nsapato, akuseka, ndipo funso lililonse la chisoni anayankha kuti ayi. Ndinawonkhetsa kawiri, panalibe kanthu. A Batista anapempha kalata yopita kuntchito, koma anati dzina la matenda lisalembedwe, kuopa kuti bwana angamuone mng'ono wawo ndi diso lina. Ndinalemba ndekha ndi dzanja langa kuti a Zuze anadwala, alandira chithandizo, ndipo tsopano angathe kuyendetsa galimoto. A Mafomu ndinawapeza akukwera galimoto yawo, akuthamangira kwina.

"Mwamuona bwino, Sisita?"

"Wachira, a Dokotala. Fomu yake ndi iyi."

Anasaina kalatayo atayiika pa boneti. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, sindibisa. Pa ntchito yathuyi si kawirikawiri kuona munthu akubwerera pa chiwongolero.

1995

Inu munali aang'ono, koma mwina mukukumbuka kuti zaka zimenezo maliro anali paliponse. Sabata sinkatha osamva nyimbo kuseri kwa mpanda. Anthu ambiri a kuchigwa, kwawo kwa a Zuze, sankafuna kuikidwa m'tauni. Munthu akamwalira ku Ndirande, abale ankayesetsa kuti akagone kwawo, pafupi ndi makolo ake, ndipo vuto lalikulu linali galimoto. Makampani ena ankabwereketsa lole wantchito akaferedwa. A Zuze anatenga mwambo umenewu n'kuukulitsa. Lachisanu lililonse ankauza bwana wawo kuti mbale wamwalira, ndipo bwanayo ankalola, chifukwa kuyambira pamene anabwerera panalibe dalaivala wolimbika ngati iwo. Anzawo akayenda ulendo umodzi, iwo awiri, ndipo Lolemba m'mawa lole inkakhala ili pageti yotsukatsuka.

Dzina lawo linamveka Ndirande yonse. Ku mphakati wa tchalitchi chawo anawasankha kukhala oyang'anira zamaliro. Ankayamba ndi iwo kufika pasiwa, kukhoma bokosi, kutsogolera nyimbo, kunyamula anamfedwa kutsika nawo kuchigwa ndi kubwera nawo. Ku kiliniki ankabwera atavala tayi, atanditengera nsomba zouma kapena masawu, ndipo ankalankhula kuyambira polowa mpaka potuluka. Ankandiuza za bungwe limene adzayambitse, la malole khumi, loti mmphawi aliyense azikaikidwa kwawo. A Batista ankangogwedeza mutu monyadira. Ine ndinkafunsa mafunso anga, iwo n'kumati ayi, ayi, ayi, ndisanamalize n'komwe. Ndinkalemba kuti ali bwino, n'kuwapatsa mapiritsi a mwezi wina.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena poyera. Ndinkadziwa kuti mankhwala onyamula munthu wachisoni, akaperekedwa okha kwa munthu wa matenda okwera ndi kutsika aja, angathe kumunyamula mpaka kupitirira. Zinali m'mabuku athu a kusukulu. Koma mafunso onse a pa fomu ankayang'ana pansi, panalibe ndi limodzi lomwe lofunsa ngati munthu wakwera mopitirira. Ndipo ine ndinali ndisanaonepo matendawa atavala tayi, akuthandiza amasiye, akuyamikiridwa m'tchalitchi. Ndinkadikira zingwe ndi apolisi. Nsomba zija tinkadya pakhomo pano, ndipo munkazikonda.

Lachinayi lina, tsiku la amayi a zakulera, ndinaitana wotsatira ndipo analowa amake Rozina. Anandipatsa kadi ya munthu wina. Nditawauza kuti dzina si lawo, anatseka chitseko okha, n'kukhala.

"Ndabwereka kwa aneba, a Sisita. Ndimafuna tsiku limene amuna salowa muno."

Analankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana. Anati abambo akunyumba atha sabata ndi theka osagona, amangotsamira pampando pang'ono n'kudzambatuka. Chitseko cha kuchipinda anachizula n'kukhomera bokosi la munthu amene sankamudziwa n'komwe. Wailesi anapatsa munthu wodutsa. Koma zimenezo anati akanapirira. Chimene chinawabweretsa chinali ulendo wa sabata yapitayo, umene iwo anakwera nawo kutsogolo. Atafika pamtsetse wokhotakhota uja wotsikira ku Chikwawa, a Zuze anachotsa giya, lole n'kumatsetsereka yokha, anthu ali thothotho kumbuyo pamodzi ndi bokosi. Kenako anatulutsa mutu ndi dzanja pawindo, kutembenukira kumbuyo, n'kumawongolera nyimbo.

"Nditakuwa anandiseka. Akuti lole yonyamula akufa siingagwe, msewu umaidziwa. Apongozi anga aamuna analinso chonchi kumudzi. Chaka china kungokhala m'nyumba, chaka china kugawa mbuzi zonse. Alamu anga akudziwa."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Munawafunsa?"

Anati mawa lake, Lachisanu masana, kuli ulendo wina wa ku Nsanje, maliro a mtsikana wa pafupi ndi kwawo. Ataimirira anati, "Musadzanene kuti mwamva kwa ine. Akadziwa, banja langa latha." Anatuluka, ine ndinapitiriza kugawa mapiritsi akulera mpaka mzere unatha.

A Mafomu anali ku semina ku Lilongwe, ndipo foni ya pachipatala inali itadulidwa kalekale. Ndinapita kwa mkulu wa pachipatalapo. Anandimvetsera akusaina mapepala ena, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani ya Lachiwiri, ndidikire adokotala anga. Ndinatsala ndekha ndi kalata imene ndinalemba ndekha.

Lachisanu lake

Ndinafika ku Ndirande cha m'ma naini koloko. Lole inali itaima kale pamsewu, kumunsi kwa nyumba ya siwa. A Zuze anali pamwamba pake, akuyala mabenchi obwereka kutchalitchi, akuimba, akulamula anyamata, zonse nthawi imodzi. Atandiona analumpha kuchokera pamwamba pomwepo.

"Abale, onani amene anandiukitsa kwa akufa. A Sisita, mwabwera bwino, mukwera kutsogolo. Mukaone kwathu, mukadye nsomba ya lero lomwe."

Mawu anali atasasa, maso ali psuu, milomo youma. Thupi linali litatha, kolala ya shati ikungolendewera. Zonsezi zinalipo mwezi wathawo, kungoti ine ndinkayang'ana pa pepala. Ndinawafunsa kuti anagona liti komaliza.

"Tulo ndi ta anthu osowa chochita. Ndidzagona Lolemba."

"Bwanji lero ayendetse wina, inu mupumeko?"

"Lole iyi imamva ine ndekha." Anavula wotchi yawo n'kundimanga pamkono ndisanakane, kenako anathamangira kukakangana ndi munthu wa mabenchi.

Ndinakokera a Batista pambali, kuseri kwa bafa. Ndinawapatsa wotchi ya mng'ono wawo ija n'kuwauza kuti mng'ono wawo wadwala, ndipo sayenera kugwira chiwongolero. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"A Sisita, munthuyu anagona miyezi iwiri ngati chipika. Lero akutumikira Mulungu ndi anthu, inu mukuti wadwala? Mukufuna abwerere kukhoma kuja?"

"Ndi matenda omwewo, bambo. Ali ndi mbali ziwiri."

"Munalemba nokha kuti wachira. Kapena munalemba bodza?"

Za bambo awo ndi za pamtsetse paja zinali pakamwa panga, koma ndikanangozitchula akanadziwa kumene ndazimva. Amake Rozina anali pakati pa amayi ena akuphika, osatembenukira kumene tinali. Ndinapempha a Batista kuti angotenga kiyi, tinene kuti lole yawonongeka. Anati iwo sangachititse manyazi mng'ono wawo pamaso pa anamfedwa, bokosi lili pafupi kutuluka. Anandisiya pomwepo.

Kuchokera pamenepo kukafika ku Makata si patali, ndinayenda wapansi. Panjira ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikukachita. Chinsinsi cha wodwala sichipita kwa bwana wake, limeneli ndi lamulo loyamba la ntchito yathu. Ndinkadziwanso kuti dalaivala amene bwana wake wamva kuti mutu unasokonekerapo sadzagwiranso kiyi, pakampani imeneyo ngakhale ina iliyonse, chifukwa madalaivala ndi mabwana awo amadziwana tauni yonse. Mbali inayi kunali anthu odzaza lole ndi mtsetse uja. Sindinalire, sindinapemphere. Ndinkangowerenga nthawi, chifukwa ulendo unali wa thwelofu.

Bwana woyang'anira magalimoto anali bambo wamagalasi, wotanganidwa. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzabweza kalata imene chipatala chinalemba yokhudza a Zuze. Anaitulutsa mufayilo n'kuiyala patebulo.

"Apa pasaina dokotala. Inu ndinu nesi. Chasintha n'chiyani?"

"Sali bwino. Lero asayendetse."

"Dzulo lomweli wayenda maulendo awiri. Akudwala chiyani?"

Ndinati za matenda a munthu sindiloledwa kunena. Iye anati ndiye palibe chimene angachite, sangaimitse dalaivala wake wabwino chifukwa cha mayi amene wangolowa pageti, ndipo anayamba kubwezera kalatayo mufayilo. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa leveni. Ndinanena. Ndinatchula matendawo, ndinanena kuti munthuyo sanagone masiku ambiri, ndipo ndinanena kuti wolakwa ndine, chifukwa ndinalemba kuti wachira ndisanaonetsetse.

Anavula magalasi. "Ndiye mukundiuza kuti miyezi yonseyi lole yathu imayendetsedwa ndi wamisala?"

"Ndi munthu wodwala, ndipo akalandira mankhwala oyenera akhala bwino. Chimene ndikupempha n'chakuti mutumize dalaivala wina, maliro aja apite."

Anafunsa kuti womwalirayo ndi ndani wawo a Zuze. Sindinathe kunama. Anaitana amuna awiri ndi mlonda, n'kuwauza kuti akatenge lole, ibwere yopanda kanthu. Ndinachonderera za dalaivala wina kachiwiri. Anati kampani si mpingo, ndipo anandithokoza mwaulemu, n'kunditsegulira chitseko.

Ku Ndirande sindinabwerereko, choncho zotsatirazi ndinachita kumva. Amuna aja anapeza bokosi litakwezedwa kale, amayi atakhala m'mabenchi. Anatsitsa anthu, anatsitsa bokosi. A Zuze anamenyana nawo, anaswa galasi la lole ndi mwala, ndipo pamapeto pake a Batista omwewo ndi amene anapempha chingwe. Loweruka anapita nawo ku Zomba. Galimoto ina sinapezeke, ndipo thupi silikanadikiranso. Mtsikana uja anaikidwa Lamulungu kumanda a m'tauni.

Lachiwiri lotsatira mayi ake a mtsikanayo anabwera ku kiliniki. Sanalowe, anaima pakhomo, odwala onse akumva. "Ndinu a Sisita aja? Mwana wanga mwamugoneka pakati pa alendo." Ananena zokhazo n'kubwerera. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kalata yondidzudzula imene inabwera pambuyo pake, ndipo mpaka lero amandipweteka.

1996 mpaka 1998

A Mafomu atabwera anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mafomu a a Zuze, mwezi ndi mwezi, onse oyera. Anati, "Pepala langa linamuona munthuyu akuchira pamene ankadwala." Kwa akuluakulu anakanena kuti kalata ija anasaina ndi iwo, ndipo cholakwa chimenecho anachisenza. Koma choulula chinsinsi chinali changa ndekha, pakuti a Batista anakadandaula. Ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo kumayambiriro kwa chaka chotsatira anandisamutsira ku kiliniki ya mbali ya ku Bangwe. Mukukumbuka nthawi imene ndinkakwera maminibasi awiri kupita kuntchito? Chifukwa chake chinali chimenechi.

Ndisanachoke, a Mafomu anawonjezera tsamba lachitatu pa fomu, lofunsa za kusagona, kulankhula kwambiri, kugawa katundu ndi kuchita zinthu mopupuluma. Ine ndinawonjezera lamulo langa losalembedwa. Gadiyani kaya ndi ndani, munthu amene amagona nyumba imodzi ndi wodwala ndinkamuitana payekha, chitseko chotseka. Kafukufukuyo anatha pamene thandizo lake linatha, kabati ija inauma, ndipo tinabwerera ku lezala. Zimene a Mafomu analemba pamapeto pake sindinaziwerengepo.

A Zuze ndinadzawaonanso patapita zaka zitatu. Ntchito itatha nyumba ya ku Ndirande inawakanika, anasamukira ku Bangwe, ndipo kadi yawo inagwera pa tebulo langa. A Batista anali atamwalira, pa mzere wa gadiyani panali dzina la mkazi wawo. Analowa onse awiri. A Zuze anali atanenepa pang'ono, odekha, akumwa mankhwala oyenera matenda awo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Ndinafunsa mafunso anga, anayankha bwinobwino. Nditawapatsa mapiritsi sanaimirire.

"A Sisita, ndakhala ndikufuna kukufunsani. Anakutumani ku Makata ndani?"

"Palibe. Ndinakuonani ndekha pa lole paja."

Amake Rozina ankapinda kadi m'manja, maso ali pawindo.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndinayendetsa, sindinagundepo ngakhale mbuzi," anatero a Zuze, osakweza mawu. "Kudwala ndinkadwaladi, pano ndikuvomera. Koma tsiku lija ndikanafika. Mtsikana uja akanagona kwawo, ine ndikanakhala ndi ntchito yanga."

"Mwina mukanafika."

"Ndiye simudzadziwa."

"Sindidzadziwa, bambo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chimene anabwerera, anaika mapiritsi m'thumba la shati n'kutuluka. Zimene ananenazo n'zoona. Pamtsetse paja sipanafe munthu Lachisanu limenelo, ndipo poti sipanafe munthu, palibe amene angaime n'kunena kuti ndinachita bwino. Chimene chikuoneka ndi maso ndi dalaivala amene akupopa matayala a njinga, ndi manda amodzi amene ali pamalo osayenera. Ndakhala nazo choncho, ndipo sindikukupemphani kuti mundiweruze kapena mundikhululukire.

Mkazi wawo anatsalira pang'ono, akumanga bwino chitenje. Sanandithokoze, ndipo sindinkayembekezera. Atagwira chitseko analankhula motsitsa, monga tsiku lija la kadi yobwereka.

"Ulendo umene uja anali atanena kuti ana onse atatu akwera nawo, akaone kwa agogo awo. Ndinali nditawasambitsa kale."